Makhadi Obooledwa a ku Chiuta

Anthu a pamsika wa Balaka amamudziwa Lukiya ndi kayendedwe. Amayenda ngati wasiya mkaka pamoto. Akaima pa benchi kugula tomato, phazi limodzi limakhala litaloza kale kunjira, ndipo wogulitsa akachedwa kumanga jumbo, iye amailanda n'kumanga yekha. M'kachipinda kamene amagwiriramo ntchito, kuseri kwa mashopu oyang'ana njanji, mpando ulimo koma sukhalitsa ndi munthu. Amalemba ataima, amadya ataima, ndipo akati akhale pansi mwendo umagwedera mpaka tebulo kuyamba kulira. Pamwamba pa tebulolo pali msomali, ndipo pamsomalipo pamalendewera makhadi apulasitiki otungidwa pa ulusi wa ukonde, lililonse lili ndi bowo lakupsa m'mbali. Mlendo akafunsa kuti ndi a chiyani, Lukiya amati ndi zida za ntchito, n'kupitiriza zomwe amachita.

Anabadwira m'mudzi wina kupitirira Chikweo, kumene msewu umathera m'madambo a nyanja ya Chiuta. Bambo ake anapita ku Joni iye akadali wa kumsana, ndipo sanabwerere. Anamulera mayi ake, Abiti Hamisi, ndi geni ya nsomba zouma. Ntchito yoyamba imene Lukiya anaidziwa inali yosankha matemba pamphasa, abwino uku, othyoka uko. Tsiku lina akadali wamng'ono anapeza mphutsi m'dengu, ndipo ndi mantha anakankha dengu lonse, nsomba kumwazikana m'fumbi. Abiti Hamisi sanamumenye. Anamutoletsa imodziimodzi dzuwa lili pamutu, akumuuza kuti yowola imachotsedwa yokha n'kubwezedwa kwa mwini wake, msika sutsekedwa chifukwa cha nsomba imodzi.

Masamu sankamuvuta. Atasankhidwa kupita ku sekondale, amene ankamunyamula pa njinga mpaka ku Ntaja nthawi yotsegulira sukulu anali Che Twalibu, achimwene a mayi ake, omwe iye amawatchula kuti amjomba monga mwa Chiyao. Che Twalibu ndi msodzi, munthu wa manja osakhala chete ngati mwendo wa Lukiya. Chilichonse chimene ali nacho ndi chomangirira: mpeni uli pachingwe, foni ili pachingwe, ngakhale kachitini ka fodya. Amati chinthu chopanda chingwe ndi cha nyanja, mwini wake wangobwereka.

Ku koleji ku Blantyre anzake ankakonda kupanga mapulogalamu owoneka ndi maso, a zithunzi ndi mabatani okongola. Lukiya analowa pansi penipeni. Foni iliyonse ndi kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu ya pakatikati imene imagwira zonse. Ndiyo imagawa malo, ndiyo imalankhula ndi batire, ndi galasi, ndi chilichonse cholumikizidwa. Akatswiri amaitcha kenelo. Mapulogalamu ena akagwa makina amangodzikuntha fumbi n'kupitirira, koma kenelo ikagwa zonse zimagwa nayo. M'kati mwa kenelomo muli gawo la masamu achinsinsi, limene limatsimikiza ngati chinthu chachokeradi kumene chikunena. Lukiya anakonda gawo limenelo chifukwa silimva kunyengerera. Atamaliza maphunziro, kakampani kena ka ku Blantyre kanamulemba ntchito n'kumutumiza ku Balaka, poti anzake ankathawa kutentha ndipo iye ankadziwa Chiyao.

Ndiye chinafika chaka chija mvula inadula chimanga chikutulutsa ngayaye. Pofika Disembala, ku Machinga ndi ku Balaka anthu ankaphika mango osapsa. Ena ankalowa m'tchire kukathyola chitedze n'kuchiphika tsiku lonse, manja atatupa ndi kuyabwa. Nyanja ya Chiuta inali itathawa m'magombe, mabwato atakhala pamatope ong'ambika. Pamsika mtengo wa chimanga unkasintha munthu ali chiimire pamzere. Lukiya ankatumiza kumudzi zimene akanatha, koma pakhomo pa Abiti Hamisi panali zidzukulu zamasiye, ndipo ufa unkatha ngati authira m'lichero loboola.

Bungwe lina lothandiza linabweretsa chimanga, ndipo linagula kwa kampani ya Lukiya timakina togwira m'manja. Banja lililonse linapatsidwa khadi. M'kati mwa khadi munali kawaya kopyapyala kozungulira m'mphepete, ndiponso chidindo, osati cha inki ayi, koma nambala yaitali imene bungwe lokha likanatha kupanga. Munthu akagunditsa khadi pa makina, kenelo inkayesa chidindocho ndi masamu ake, ndipo ikavomera munthuyo ankasenza thumba. Popanda makina kuvomera thumba silinkatsika pa lole. Lamulo limeneli linali lolimba chifukwa zaka za m'mbuyomo chimanga cha anjala chinkathera m'mashopu a mavenda. M'midzi ya ku Balaka zonse zinayenda bwino, moti Lukiya anayamba kuuza abwana ake kuti chaka chamawa makinawa adzafika mpaka ku Nsanje.

Masana ena lamya inabwera kuchokera kwa Jasten, amene ankatsogolera ntchito yogawa kumbali ya Chiuta. Anati makina onse awiri akukomoka ngati ali ndi khunyu. Amawerenga anthu angapo, kenako galasi lida bii, osamvanso batani lililonse. Kuwadzutsa n'kovuta, kumadya nthawi ndi batire, ndipo akadzuka sachedwa kugwanso. Lole inali itaima pabwalo la sukulu ili yodzaza. Dalaivala wake, Elliam, anali atanena kale mawu ake: kumwamba kwayamba kuda, mlatho wa pakamtsinje ka panjira unakokoloka kale, ndipo mvula ikagwa lole sidzatulukamo mpaka dzinja litatha. Mawa lake dzuwa likapendeka anyamuka kubwerera ku depoti ya ku Balaka, kaya matumba atsika kaya sanatsike. Ulendo wina unali wa mwezi wotsatira, ngati msewu udzalole.

Lukiya anafunsa dzina la sukuluyo ngakhale mtima unali utamuuza kale. Inali sukulu yomwe anaphunzirako kulemba. Anaponya laputopu ndi zingwe m'chikwama, anakwera minibasi ya ku Liwonde, ina ya ku Ntaja, ndipo kutacha anali kumbuyo kwa njinga yamoto akumenya phewa la woyendetsa kuti awonjezere moto. Njira yonse ankasanthula m'mutu. Kutentha sikukanakhala chifukwa, poti ku Balaka kumatentha kuposa. Batire anali ataliyesa yekha. Fumbi lili paliponse. Panali chinthu china ku Chiuta chimene ku Balaka kulibe, ndipo kusachidziwa kunkamuyabwa ngati chitedze chija.

Pabwalo la sukulu anapeza anthu atakhala m'mithunzi ndi matumba opanda kanthu pamiyendo. Sankalongolola, njala inali itawaphunzitsa kusunga mphamvu. Maso onse anali pa lole. Elliam anali atakhala pa sitepe ya galimoto yake akuyang'ana mitambo ya kum'mawa, kumbali ya Mozambiki. Jasten anathamangira Lukiya, malaya atanyowa ndi thukuta, akumuuza kuti atsegule laputopu msanga. Koma Lukiya sanatsegule. Anaima pafupi ndi tebulo n'kumuuza kuti adzutse makina amodzi, anthu ayambe kubwera, iye angoonerera.

Woyamba anali bambo wa ku midzi ya kumtunda. Anamasula khadi m'kapepala ka pulasitiki, makina analira kamodzi, iye n'kusenza thumba. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anali mayi wa kugombe, Nasra, amene Lukiya ankasewera naye ali ana. Nasra sanamasule kanthu. Anangowerama, n'kukoka chingwe chimene chinali m'khosi mwake, khadi lili kumapeto, n'kuligunditsa. Galasi linada nthawi yomweyo.

Lukiya anapempha khadilo n'kulipenyetsa kudzuwa. Pangodya panali bowo lozungulira bwino, m'mbali mwake mwakuda ndi moto, ndendende pamene kawaya kaja kamadutsa. Anatembenuka n'kuyang'ana anthu a kugombe. Pafupifupi aliyense anali ndi chingwe m'khosi. Sanafunikire kufunsa kuti waboola ndani, koma anafunsabe, ndipo Nasra analoza pansi pa mtengo wa mango pamene Che Twalibu anakhala akusoka nsapato.

Che Twalibu anafotokoza monyadira. Makhadi atangogawidwa, mayi wina anataya lake powoloka dambo, analira mpaka mawu kutha. Iwo ataona zimenezo anazula sipoko ya njinga yakale, anaiika pamakala mpaka kufiira, n'kuyamba ndi a pakhomo pawo. Mbiri itamveka, anthu ankabwera pakhonde pawo m'mawa uliwonse, ndipo iwo sanalipiritse munthu ngakhale mmodzi. Ulusi unali wawo womwe.

"Kuyambira tsiku limenelo palibe wataya khadi kuno," anatero. "Funsa aliyense."

"Palibedi, amjomba," anayankha Lukiya, n'kubwerera kutebulo.

Analumikiza makina ku laputopu ndi chingwe, anawadzutsa, n'kupempha Nasra kuti awaphenso. Ulendo uno mawu omaliza a kenelo anatsalira pagalasi la laputopu, ndipo anamulozera pamalo penipeni. Nkhani inali yotere. Bowo lija silinadule kawaya konse koma linakafooketsa, moti khadi linkayamba kulankhula n'kudukiza pakati. Chidindo chinkafika chachifupi. Tsono gawo la masamu achinsinsi linkalandira chidindo osachiyeza, ngati wogula amene wauzidwa kuti thumba ndi lodzaza n'kulisenza osaliika pa sikelo. Likazindikira m'kati mwa ntchito kuti manambala sakukwana, linkachita zimene analilamula amene analilemba: kuimitsa makina onse. Gawolo silinalembedwe ku Blantyre. Linabwera ndi makina kuchokera kunja, ndipo pamwamba pa lamulo loimitsalo munthu wina wa kutali, amene mwina sanaonepo bwato, anasiya mawu ochepa m'Chingerezi akuti zimenezi sizingachitike.

Jasten anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatsitsa mawu. Anati ngati vuto ndi chidindo chachifupi, Lukiya angowauza makina kuti chachifupi chizidutsa. Anthu awa ndi odziwika, mafumu awo ali pomwepo, palibe wakuba pakati pawo. Jasten mwiniyo sakanatsitsa thumba ndi manja ake makina asanavomere, poti mnzake wina anachotsedwa ntchito chifukwa cha zimenezo, koma makina akavomera okha palibe angamufunse.

"Ndi kanthu kakang'ono kwa inu, achemwali," anatero. "Taonani mitamboyo."

Kanalidi kanthu kakang'ono. Zala za Lukiya zinali zitadziwa kale pokhudza. Anakweza maso, ndipo pakati pa amayi a kugombe anaona Abiti Hamisi atakhala chowongoka, chitenje chitamangidwa molimba pamimba, ulusi wa ukonde ukuwala m'khosi. Anali ataonda kuposa mmene mawu awo ankamvekera pa foni. Anamukwezera dzanja pang'ono, osadzuka, monga munthu amene sakufuna kusokoneza mwana wake pantchito.

Lukiya anadzuka n'kuzungulira lole, n'kuizunguliranso. Ankadziwa msika. Pulogalamu imene ikanaikidwa apa ndi yomwe ikanafika m'makina onse, ndipo pabwalo lodzaza anthu palibe chinsinsi chimene chimagona. Makhadi opanda kanthu amagulitsidwa m'tauni. Mavenda akanangomva kuti bowo limatsegula lole, sipoko zikanafiira kuyambira ku Ntaja mpaka ku Phalula, ndipo matumba akanatha eni ake enieni ali kumbuyo kwa mzere. Bungwe likanazindikira, likanatseka zonse. Anabwerera kutebulo n'kumuuza Jasten kuti iyayi. Makina asiye kufa, zimenezo azikonza. Koma chosakwanira sangachivomere.

Zimene analemba zinali zochepa. Chidindo chisanalowe m'masamu chiyambe chayezedwa. Chikakhala chachifupi, chachitali mopitirira, kapena chopanda kanthu, kenelo ifufute zimene yalandira, ibweze yankho lakuti izi nzosayenera, n'kudikira khadi lina. Anachotsa lamulo loimitsa makina, ndipo mawu aja akuti sizingachitike anawafufuta ndi chala cholemera. Anayang'ananso malo ena oyandikana nawo kumene chinthu chochokera kunja chinkalandiridwa osayezedwa, n'kupeza ena, n'kuwakonzanso. Kenako anakwera pachulu cha kuseri kwa zimbudzi, pokhapo pamene netiweki inkagwira, n'kuwerengera abwana ake zimene walemba. Abwanawo anati ayese pa makina amodzi okha, enawo awasiye mmene alili kuti zikavuta pakhale pobwerera.

Chotsala chinali kudikira kuti laputopu imange kenelo yatsopano, ndipo kudikira ndiye ntchito imene Lukiya sanaiphunzirepo. Manambala ankathamanga pagalasi, batire likutsika. Anatembenuza sola yotchajira laputopu kuti iyang'ane dzuwa, dzuwa n'kulowa mumtambo. Anaitembenuzanso. Amuna anapita kumzikiti kukaswali Zuhuri, pemphero la masana, n'kubwerako, iye akadali kuyenda pakati pa tebulo ndi chulu. Mphepo yozizira inayamba kugudubuza masamba pabwalo. Elliam anatsika pa sitepe, anagogoda matayala ndi phazi, n'kuyamba kumanga lona, osayang'ana munthu.

Laputopu itamaliza, Lukiya anaika kenelo yatsopano m'makina amodzi n'kuitana Nasra. Anthu anasendera pafupi. Khadi linagunda. Makina analira kawiri, ndipo pagalasi panalembedwa kuti khadi silinawerengeke, ayesenso. Galasi linali likuwalabe.

Jasten anati zimenezo sizidyetsa munthu. Koma Lukiya anali ataona kale chimene chasintha: makina amoyo amalola kuyesanso. Anauza Nasra kuti avule chingwe, poti mfundo yake inkatukula khadi, aligoneke bwinobwino n'kulipanikiza ndi chala osagwedeza. Linakana. Analitembenuza kuti bowo likhale kunja. Linakananso. Atayesanso, kawaya kofooka kaja kanakwanitsa kunena mawu ake onse, masamu anavomera, makina analira kamodzi. Nasra anayang'ana Lukiya, anayang'ana lole, n'kupita kukasenza.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. A makhadi athunthu anapita ku makina akale, a makhadi oboola ku makina okonzedwa. Lukiya anaima pa mzere wa oboolawo, akumasula mfundo ndi mano, akupanikiza, akutembenuza, akukuwa m'Chiyao kuti wotsatira avuliretu chingwe. Che Twalibu anabwera okha ndi mpeni wawo n'kuyamba kudula ulusi m'makosi mwa anthu, ulusi womwe anamanga okha, nkhope ili pansi. Elliam anamasulanso lona mbali imodzi akung'ung'udza. Ambiri ankadutsa atayesa kangapo. Ochepa, amene sipoko inadutsa pakatikati pa waya, sanadutse, ndipo Jasten ankawauza kuti aime pambali, adzapatsidwa makhadi ena.

Abiti Hamisi anafika chakumapeto, chifukwa sanafune kuti anthu anene kuti alowera mwana. Atavula chingwe, anapereka khadi kwa Lukiya. Khadi lawo linali ndi mabowo awiri, ngodya iyi ndi iyo. Che Twalibu anali atawaboolera mwapadera kuti la mlongo wawo lizigona bwino pachifuwa ndipo ulusi umodzi ukaduka wina ugwire.

Analigoneka. Makina analira kawiri. Analitembenuza, analipanikiza ndi zala zonse, analipukuta ndi mpango, analiyesa chagada. Anthu a kumbuyo anayamba kusuntha mapazi. Dontho loyamba linagwa pagalasi.

"Makinawa si ako?" anafunsa Abiti Hamisi.

"Ndi a kuntchito, amao."

"Auze kuti ndine mayi ako."

"Samva zimenezo. Ndawauza kuti chosakwanira azibweza."

"Wawauza ndi iwe?"

"Ndi ine."

Anthu onse a pafupi anali akumva. Jasten anayang'ana kumbali, ndipo Lukiya anadziwa chimene ankaganiza: laputopu inali ikadali yotsegula.

"Ndiye ndaima pano kuyambira dzana kuti ndikhale nsomba yowola," anatero Abiti Hamisi, mawu ali pansi. Anasiya khadi patebulo, n'kukaima pambali ndi ena aja.

Lukiya anaitana wotsatira. Mfundo inamukanika, koma mzere sunaime.

Womaliza anali Che Twalibu. Atafika patebulo anavula kofia, n'kutulutsa m'kati mwa mpendero khadi losalala, lopanda bowo ngakhale chikanda. Makina analira kamodzi nthawi yomweyo. Kenako mawu a Abiti Hamisi anamveka kuchokera pambali paja.

"Achimwene, mwaboola mudzi wonse, lanu mwasunga m'kofia ngati dzira?"

Che Twalibu anati ankafuna kumaliza a anthu kaye, lawo likanakhala lomaliza, koma makala anatha. Anthu anaseka, kuseka koyamba tsiku limenelo, ngakhale ena mwa oima pambali aja. Iwo sanadikire kuti wina awauze chochita. Anakoka thumba lawo mpaka pamapazi a mlongo wawo, analimasula, n'kuyamba kuthira m'thumba lopanda kanthu lija mpaka awiriwo anafanana msinkhu.

Elliam analiza injini madontho atayamba kuchuluka. Pa lole panatsala matumba ochepa pakona, a anthu amene makhadi awo anafa. Lukiya anasonkhanitsa makhadiwo, anawatunga pa ulusi umene unali mbwee pansi, n'kupita kukatsanzika. Anapeza mayi ake atamufulatira, akumanga nkhata. Anati akupita, iwo anangoti ayende bwino, osatembenuka. Kutsogolo kwa lole kunali kodzaza, choncho anakwera kumbuyo n'kukhala pa matumba otsala aja, akudziwa kuti limodzi mwa iwo ndi la pakhomo pawo. Anawoloka kamtsinje madzi akuyamba kumene kufiira, ndipo kumbuyo kwawo mvula inatseka njira ngati chinsalu.

Ku Balaka sanapume. M'mawa uliwonse ankapezeka pa ofesi ya bungwe lija asanatsegule, mkanda wa makhadi uli m'manja, mpaka alonda anayamba kumuseka kuti wabweranso mayi wa hirizi, zithumwa za m'khosi zija. Anaumirira kuti makhadi atsopano asadikire mwezi wamawa, ndiponso kuti lililonse likhale m'kathumba kapulasitiki kokhala ndi bowo kale. Anatumizanso zimene anakonza zija kwa amene anapanga makina kunja, ndi chithunzi cha khadi la mabowo awiri. Yankho linabwera lalifupi, lothokoza, lakuti azilowetsa m'makina awo onse. Sanaliwerenge kawiri. Maganizo ake anali pa msewu.

Mvula itapumira, bungwe linalola kuti matumba otsala aja apite pa njinga zamoto, poti lole sikanadutsa. Lukiya anapita nawo, matope mpaka m'mawondo, makina ali m'jumbo pachifuwa. Pabwalo lomwe lija Abiti Hamisi anagunditsa khadi latsopano, makina n'kulira kamodzi. Sanathokoze. Anatembenuza kathumba kaja, analowetsa chala chaching'ono pabowo, n'kunena kuti anthu ophunzira akanaika bowo limeneli poyamba, bwenzi achimwene awo asanawononge makala. Lukiya anati n'zoona, ndipo sanangonena zimenezo pofuna kuti nkhani ithe. Madzulo ake anadyera mbale imodzi, ndipo mayi ake anamukankhira mutu wa mlamba kumbali yake.

Njala ija inapita, ina inabwera, ndipo Lukiya akadali m'kachipinda kake ka ku Balaka. Kenelo iliyonse yatsopano, isanapite m'midzi, amayamba waidyetsa zoipa: chidindo chachifupi, chachitali, chopanda kanthu, cha manambala osokonekera, kenako mkanda wa pamsomali uja, khadi ndi khadi. Ikafa amadziwa kuti ntchito ikadalipo. Ikavomera chimene sichiyenera amadziwa kuti ntchito ndiye yakula. Koma makhadi akale amatha mphamvu, ndipo iye amati mabowo a pa ofesi amatuluka aulemu kwambiri, safanana ndi a kumudzi. Choncho akamapita ku Chiuta amanyamula mpukutu wa makhadi oyesera n'kukawapereka kwa amjomba ake.

Che Twalibu amaitenga ntchitoyo mwaulemu waukulu. Amakoleza makala pakhonde, amaika sipoko yomwe ija pamoto, n'kufunsa kuti lero akufuna la pangodya, la pakati, kapena la mabowo awiri ngati la mayi ake. Abiti Hamisi amakhala chapatali akusankha matemba, n'kumanena kuti sanaonepo munthu wolembedwa ntchito yowononga katundu. Lukiya amaimirira pamenepo akupondaponda, akuuza amjomba ake kuti asadikire sipoko kufiira kwambiri, poti wa njinga yamoto akumudikira kumsewu.